Ndinachepetsa ma shifiti, kenako ndinasiya nchito yanga yoyamba ya unesi

Muno mu Lusaka ukangonena kuti ndine nesi ndipo nchito ndasiya ndekha, anthu amakuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu kuti aone ngati zikuyenda bwino. Ine sindiwada ayi, chifukwa ma nesi amene ali pa nyumba ndi ma diploma awo mu sutikesi ndi ambiri zedi, ena akugulitsa salaula, ena ali mu ma booth a mobile money, ena akugwira ulere m'zipatala za boma kudikira kuti mwina tsiku lina dzina lidzatuluka. Mu 2022 boma linalemba anthu a zaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi koma mzere sunathe, ma koleji akutulutsabe ena chaka ndi chaka. So amene wapeza pogwira timati angothokoza basi, atseke pakamwa. Koma ine ndinachepetsa ma shifiti, patapita miyezi ndinachokeratu, ndipo ndikufuna ndifotokoze mmene ndinayendetsera chifukwa alipo anzanga atsopano amene akulira mu toileti ya pa nchito usiku koma sadziwa poyambira.

Kwathu ndi ku Katete. Kuti ndimalize koleji adadi anagulitsa ng'ombe, amama mtedza wa chaka chonse umathera pa ma fees anga, ndiye mukudziwa kale katundu amene ndinali naye pamutu. Ndinakhoza mayeso, ndinalembetsa ku Nursing and Midwifery Council of Zambia, ija akuluakulu athu amaitchulabe kuti GNC, koma layisensi inafika kulemba anthu kwa boma kuja kutadutsa kale. Ndinagwirako ulere pa kiliniki ina ya mu komboni kuti manja asaiwale, transport akundipatsa azakhali amene ndimakhala nawo ku Chawama. Mu 2023 mnzanga wa ku tchalitchi anandiuza kuti pa kiliniki ina ya private akufuna nesi. Dzina sinditchula, komanso si nkhani ya malo amodzi, timakiliniki totere tili mbali zonse za town.

Kontrakiti inali ya masamba awiri chabe. Pa maola panalembedwa kuti ndidzagwira malinga ndi mmene nchito ikufunira, osatchula nambala. Pa timetebulo ndi pamene nambala inaonekera, 07:00 mpaka 19:00 kapena 19:00 mpaka 07:00, ndipo poyamba tinalipo ma nesi okwanirako ndithu moti zimapiririka. Mmodzi anapita kunja, wina anatenga maternity, sanalembe wina aliyense, ma shifiti awo anangogawidwa kwa ife otsala. Sabata zambiri ndimagwira masiku 6 a maola 12, werengani nokha, ndi maola 72 amenewo. Onjezani ulendo, kuchoka ku Chawama kusanache, kutsika mu town, wapansi mpaka pa Kulima Tower, kukwera ina, madzulo chimodzimodzi ndi traffic ija ya mu Lumumba Road. Ndipo usiku pa kiliniki yaing'ono nesi ndiwe zonse, wolandira odwala ndiwe, BP ndiwe, dripu ndiwe, mankhwala ku famase ukatenge wekha, ndalama ulandire ulembe lisiti, mwana akasanza mopu ndi iwe, a clinical officer ali pa foni kunyumba kwawo.

Apa ndiime kaye chifukwa sindikufuna wina awerenge izi mawa akasiye nchito pa zifukwa zolakwika. Miyezi yoyamba ya unesi ndi yowawa kulikonse, olo upite ku zipatala zikuluzikulu za UTH ndi Levy olo ku mishoni kumudzi. Kanyula, kapaipi kaja kolowetsa mu mtsempha poika dripu, imakukana pa mwana amayi ake akukuyang'ana, ba in-charge amakukalipira pamaso pa odwala, umachedwa pa chilichonse, ukafika kunyumba umangoganiza kuti kodi uja ndinamulembera mu fayilo. Zimenezo zimatha zokha, manja amazolowera, mtima umakhazikika, ndipo amene wasiya chifukwa cha zimenezi akazipezanso kumene akupitako. Zanga zinali zina. Nchito ndinali nditaidziwa, kanyula ndimalowetsa olo ndi tochi ya pa foni, koma thupi ndi mutu ndi zimene zimatha. Ngati mukuvutika chifukwa simunadziwe, pirirani ndipo funsani. Ngati mukudziwa bwino koma mukuyamba kusadalira maso anu chifukwa cha tulo, imeneyo ndi nkhani ina.

Kolera itavuta kumayambiriro kwa 2024, nthawi ija National Heroes Stadium inasanduka chipatala ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa, ife a timakiliniki tating'ono sitimagoneka odwala kolera koma anthu amayambira kwa ife. Aliyense wotsegula m'mimba amathamangira pafupi, iwe umuone, umuyambitse ORS kapena dripu, uyimbe foni, umutumize, kenako klorini paliponse mpaka manja kusupuka. Off inasowa. Nthawi imeneyo ndi pamene ndinaona kuti ndikatenga botolo la mankhwala ndimawerenga dzina, kuliika pansi, kulitenganso kuwerenganso chifukwa sindikukumbuka chimene ndawerenga. Mu basi ndimagona mpaka kondakitala kundigwedeza ati "sister tafika, selukani". Mutu umawawa tsiku lililonse, chakudya chinali ma fritters ndi tiyi woimirira, ku tchalitchi anayamba kufunsa azakhali ngati ndinasamuka.

Panali ba sister ena achikulire amene anapuma m'boma, amabwera kawiri pa sabata ngati part time. Tsiku lina pa handova, posinthana shifiti, anandigwira dzanja nati, "Mwana wanga, layisensi ija ili ndi dzina la ndani?" Ndinati langa. Ati "Ehe. Tsiku limene udzabaye mwana wa munthu mankhwala olakwika chifukwa cha tulo, ku Council adzaitana iwe, abwana ako adzangolemba nesi wina m'mawa mwake, kiliniki idzatsegula 07:00 monga mwa masiku onse." Sanandiuze kuti siya. Anati pita ukawerenge lamulo la nchito kaye, ukalankhule uli ndi pepala m'manja.

Lamulo lake ndi Employment Code Act No. 3 ya 2019, lili pa intaneti ulere, ndipo ku koleji amatiphunzitsa za mtima ndi impso koma izi palibe anatiuzako. Zimene zinandithandiza ine ndi izi. Sabata ya nchito ndi maola 48, opitirira pamenepo ndi ovataimu ndipo amalipira ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ukagwira pa holide ya boma kapena pa tsiku lako lopuma ndi kawiri. Pa masiku 7 aliwonse uyenera kupuma maola 24 otsatizana. Probation ndi miyezi 3, akhoza kuwonjezera koma osapitirira miyezi ina 3, si zija zoti chaka chatha ukadali pa probation. Mkati mwa probation notisi ndi ya maola 24 chabe, koma ngati kontrakiti ndi yoposa miyezi 3 ndipo probation inatha, notisi ndi masiku 30. Ndipo ife akazi tili ndi Mother's Day, tsiku limodzi lopuma pa mwezi osafunika kalata ya dokotala, limene pa malo pathu munthu ukalitchula amaseka ngati wanena nthabwala.

Ndinatenga ma timetebulo a miyezi yapitayo, mwayi ndimawajambula pa foni kuti ndizidziwa masiku anga, ndinawerengera maola sabata ndi sabata ndikulemba pa pepala limodzi. Chitani zimenezi kuyambira lero olo zinthu zili bwino, jambulani timetebulo iliyonse ikangomatidwa, chifukwa imasintha ndi bolopeni ndipo ya mwezi watha imatayidwa.

Kalata yanga inali yaifupi. Sindinalembe kuti ndatopa kapena kuti mukundizunza, ndinalemba kuti ndikupempha kuti kuyambira mwezi wa mawa ndizigwira ma shifiti osapitirira 4 pa sabata, amene ndi maola 48, komanso kuti ndikachoka pa night ndisabwerere m'mawa wotsatira, chifukwa maola amene ndikugwira akuika odwala pa chiopsezo. Mawu akuti odwala ndi amene amamveka kwa mwini kiliniki, kutopa kwako iye sikumukhudza kwenikweni koma mbiri ya malo ake imamukhudza. Ndinapanga makope awiri, ina anasaina kuti alandira ndinasunga. Ndinadutsira kwa ba in-charge kaye osati kulumpha mpaka kwa abwana, chifukwa timetebulo amalemba ndi iwo ndipo ukawadumpha udzaiona.

Abwana anandiitana patapita masiku. Anayamba ndi zija mukuzidziwa, ati "Sister, muziba ma CV angati yali mu drawer umu?" Anatsegula ndithu kundionetsa. Ine mtima ukugunda koma ndinati, "Bwana ndikudziwa, ndipo nchito ndikuifuna, ndi chifukwa chake ndabwera kudzapempha m'malo mongosowa." Ndinawapatsa pepala la maola lija. Anakhala chete kuwerenga, kenako anati ovataimu kiliniki singakwanitse, ngati ndikufuna masiku ochepa ndiye malipiro atsika. Apa ena angakane ndipo ali ndi mfundo, chifukwa malipiro aja kwenikweni anali a maola 48 kale, enawo ndimagwira ulere. Ine ndinayeza mphamvu zanga, ndinaona kuti nkhondo ya ku Labour ndilibe nayo mpweya nthawi imeneyo, ndiye tinagwirizana ma shifiti 3 pa sabata ndi malipiro otsikako. Chimodzi chimene sindinalole ndi chakuti zithere pakamwa. Ndinapempha kuti alembe, asaine, ndipo analemba.

Ndalama inachepa, zoona. Koma nditakhala pansi ndi kope ndinapeza kuti dzenje silinali lalikulu mmene ndimaopera, chifukwa transport ya mabasi anayi pa tsiku inatsika ndi theka, zogula za mumsewu zinachepa poti ndimaphika, Yango ija ndimakwera ndikachedwa kudzuka inatha. Chilimba cha pa nchito ndinamaliza round yanga ndikutuluka bwinobwino, musathawe chilimba pakati chonde, ma nesi a mu Lusaka timadziwana tonse. Amene muli ndi ngongole ya pa payslip kapena kaloba, werengerani kaye musanapemphe kuchepetsa, chifukwa iwo sachepetsa.

Kovuta kunali kunyumba. Azakhali anangoti "walira mvula walira matope, si iwe umalira nchito pano?" Amama pa foni anakhala chete nthawi yaitali kenako anati, "Mwanawe, anzako akusowa pogwira iwe ukuchepetsa, kodi wayamba kunyada?" Sindinakangane nawo. Ndinawafunsa kuti amama, mutadwala inu, mungakonde akubayeni jekeseni nesi amene sanagone masiku awiri? Anati ayi. Sanakondwe ndithu koma anasiya kuikamba, ndipo ndalama ya feteleza ndinatumizabe olo inali yochepa, chimene kwa iwo chinali umboni woti sindinapenge. Adadi sanalankhulepo kanthu, amene mukudziwa azibambo a kwathu mukudziwa kuti kumeneko ndiye kulankhula kwake.

Miyezi yoyamba zinayenda. Ndinagona, mutu unasiya, odwala ndinayambanso kuwafunsa za kunyumba kwawo m'malo mongowaona ngati mzere. Kenako foni inayamba. Uthenga wa pa WhatsApp 05:00, "sister tithandizeniko lelo chabe, mnzanu wadwala". Ukavomera kamodzi ndiwe wabwino, sabata yotsatira dzina lako lalembedwa kale ndi bolopeni pa tsiku lako la off osakufunsa. Ndinaphunzira kuyankha mwachidule, kuti lero sinditha, osapereka nkhani yaitali, chifukwa ukangoti ndili ndi maliro kapena ndikupita ku town amakupezera njira, ati bwerani mukamaliza. Tsiku limene ndavomera ndimalemba pa uthenga pomwepo kuti iyi ndi shifiti yowonjezera ndipo ilipidwe. Zina zinalipidwa, zina mpaka lero.

Chimene chimandipweteka kwambiri sichinali abwana, anali anzanga. Shifiti imene ndakana ine imagwera mnzanga amene watopa kale, ndipo amakuyang'ana pa handova osalankhula. Mmodzi anandiuza poyera kuti ndadzikonda. Ndinamumvetsa, koma dzenje la anthu awiri amene sanalembedwe silingatsekedwe ndi ine kudzipha, ndipo nthawi yonse imene timalitseka ndi matupi athu mwini wake samaona chifukwa cholembera wina. Ndinamuonetsa kalata yanga kuti naye alembe yake. Sanalembe, ali ndi ana awiri ndi lendi, sindimuweruza.

Chaka chomwecho cha 2024 malaiti anayamba kuyenda maola ambiri chifukwa cha chilala ndi madzi ochepa ku Kariba, kugona masana mu nyumba ya malata yopanda fani kunakhala chilango, yunifomu kusita ndi ya makala, ndipo pa nchito jenereta amaizimitsa pakati pa usiku kusunga dizilo. Timetebulo inali itabwerera pafupifupi pakale koma malipiro ali otsika aja. Pamenepo ndinaona kuti pepala tinasainirana lija latha mphamvu, ndipo kukambirananso kachiwiri kungakhale kuzungulira pamodzimodzi. Ndinayamba kufunsafunsa mwakachetechete, kwa ba sister achikulire aja, kwa amene tinali nawo kalasi imodzi, ndipo ndinalemba notisi nditadziwa kale malo awiri amene amafuna nesi wa part time. Osasiya ulibe poponda ngati ungathe, pokhapokha ngati thanzi lafika poipa kapena akukukakamiza kuchita zimene zingakudyere layisensi, monga kupereka mankhwala otha nthawi kapena kuchita nchito ya dokotala imene sunaphunzire. Zikafika pamenepo usadikire.

Kachokedwe ndi kamene anthu ambiri amaononga. Ndaona anzanga akulandira malipiro pa 30 kenako foni kuzima, osabweranso. Ndikumvetsa mkwiyo wake koma Lusaka ndi yaing'ono, in-charge wa pano ndi mnzake wa matron wa uko, anaphunzira limodzi, ali mu gulu limodzi la pa WhatsApp. Komanso kusiya odwala pakati pa shifiti opanda handova ndi mlandu umene ukhoza kukufikitsa ku Council. Ine ndinalemba kalata ya mizere yochepa, kuthokoza, kutchula tsiku lomaliza patatha masiku 30, popanda dandaulo olo limodzi. Masiku 30 amenewo ndinagwira onse, ena amandiyankhula mokoka, ena anasiya kundipatsa moni, ndinangoti zitha. Tsiku lomaliza ndinawerengera mankhwala a mu kabati yokhoma pamodzi ndi ba in-charge, tonse kusaina mu buku, makiyi kupereka pamaso pa mboni. Ichi musachiphonye, chifukwa chikadzasowa chinthu mwezi wa mawa dzina losavuta kutchula ndi la amene anachoka.

Musanatuluke pa geti tengani certificate of service, lamulo limati akupatseni, ndipo pemphaninso kalata ya reference kwa munthu amene anakuonani mukugwira, ine anandilembera a clinical officer. Masiku a livi amene simunatenge awerengedwe akhale ndalama, lamulo limapereka masiku 2 pa mwezi. Ngati kontrakiti yanu ndi yoposa miyezi 12 pali gratuity ya 25% ya basic pay ikatha, ndiye ngati mwatsala pang'ono kumaliza werengani bwino kontrakiti kapena kafunseni ku ofesi ya Labour musanalembe notisi, mwina kupirira miyezi iwiri kungakupindulireni. Ndipo pitani mukaone statement yanu ya penshoni ku NAPSA, mutatenga NRC yanu. Pa payslip amadula 5% yanu, abwana ayenera kuikapo 5% yawo ndikutumiza zonse, koma kudula ndi kutumiza ndi zinthu ziwiri. Yanga inali ndi miyezi yopanda kanthu. Ndinapita ndi statement ndi ma payslip kwa a akaunti a pa kiliniki, mwaulemu, ndinabwererako kangapo mpaka anakonza. Chimodzimodzi 1% ya NHIMA, inshuwalansi ya chipatala ija, onani ngati ikufika, musadzadziwire pa windo la chipatala mukudwala.

Amene muli m'boma nkhani yanu ndi yosiyana, kumeneko maola sachepetsedwa pokambirana ndi munthu mmodzi mu ofesi, ndipo payroll ya boma ukaitaya kuibwerera ndi kovuta. Yambani ndi kupempha kusintha wodi, kapena transfer, kapena kukamba ndi a ZUNO, yuniyoni ya ma nesi, a pa malo panu, musanaganize zosiya.

Manje ndimagwira part time malo awiri, ndipo masiku ena ndimasamalira agogo ena amene anachita stroke kunyumba kwawo, kuwatembenuza, kuyang'anira BP ndi shuga, kuphunzitsa a pabanja kupewa zilonda za pabedi. Sindinama kuti ndi paradaiso. Mwezi wina ma shifiti amachuluka mwezi wina amasowa, livi yolipidwa kulibe, ukadwala palibe cholowa, NAPSA ndi NHIMA uyenera kuziganizira wekha, layisensi ya chaka ndi chaka ndi ma CPD ake, maphunziro aja owonjezera amene amafunika poikonzanso, zonse m'thumba mwako. Ndipo part time nayo ikhoza kukupha chimodzimodzi ngati uvomera foni iliyonse, ndawaona anthu akuchoka pa night uku kukalowa day uko. Ine ndinadziikira malire anga a maola 48 ndipo ndimawalemba mu kope, akakwana ndimakana olo ndalama ikuoneka. Boma likalengeza kulemba anthu ndimaponyabe mapepala ngati wina aliyense.

Funso limene ndimaliopa linali la pa intaviyu, kuti munachokeranji pa nchito yanu yoyamba musanathe zaka ziwiri. Linabwera ndithu, malo onse awiri. Ndinayankha kuti maola anafika 72 pa sabata, ndinapempha mwa kalata kuti achepe chifukwa cha chitetezo cha odwala, sizinakhazikike, ndiye ndinapereka notisi ndikugwira mpaka tsiku lomaliza, ndipo reference iyi. Sindinanyoze munthu. Malo amodzi matron anangogwedeza mutu nkupitiriza mafunso ena. Malo enawo anayimbira foni ku kiliniki yakale ine ndili pompo, ba in-charge anayankha kuti anachoka bwino ameneyo, makiyi anapereka, ndipo anandiuza kuti ndiyambe Lolemba.